Mfuti Yoopsa ndi Iti? Mau a pa Manda a ku Zolozolo

Pali mkangano umene sutha pakati pa amuna, makamaka iwo amene anasakako nyama pa unyamata wao kapena anagwirako nchito ya usilikali, ndiwo wakuti mwa mfuti zonse yoopsa koposa ndi iti. Wina ati gogodela, pakuti ipha ndi mwini wake yemwe. Wina ati mfuti yaing'ono ya m'thumba, popeza ibisika m'malaya. Ndipo ambiri ati ndi ija ya nkhondo yotchedwa AK-47. Mkangano umenewu suli wachabe ai, ndipo ndifuna kuti tiuyese bwino pamodzi, inu owerenga ndi ine. Koma ndinena poyamba kuti uli ndi chilema chimodzi: otsutsanawo ayesa kuti mfuti yoopsa iri nthawi zonse m'manja mwa mbala kapena mwa wopha nyama mobisa, naiwala kufunsa za mfuti imene iri m'manja ololedwa ndi boma. Ife a ku Mzuzu sitiyenera kuiwala chotero, pakuti manda a ku Zolozolo ali pafupi nafe.

Tiyambe ndi gogodela, mfuti ya makolo. Iyo ailonga cha kukamwa: athira wonga, natsendera ndi nsanza, naikamo mtovu kapena tizitsulo tilitonse, natsenderanso. Ikalira kamodzi yatha, ndipo mwini wake ayenera kuyambanso nchito yonseyo pamene njati yolasidwa iri kumdzera. Zambiri zimene alonda a nyama alanda ku Vwaza ndi ku Kasungu nzosula m'midzi, ndipo mpope wake suyesedwa ndi munthu aliyense wodziwa mphamvu ya chitsulo; chifukwa chake wonga ukachuluka pang'ono mpopewo uphulika, nuchotsa zala kapena diso la woombera. Amene ati gogodela ipha mwini wake sanama. Koma ngozi yake njopapatiza: igwera munthu mmodzi, kapena nyama imodzi, pa nthawi imodzi.

Chifefe chimwaza timitovu tambiri, ndipo chiri choopsa pafupi, koma patali mphamvu yake itha msanga. Ndicho chifukwa alimi achifuna cha pa nguluwe ndi anyani. Ya m'thumba ilibe nchito ya kumunda kapena ya kuthengo. Inapangidwira munthu basi.

AK-47 ndiyo ina ndithu. Anaikonza Mikhail Kalashnikov ku Russia, ndipo chiwerengero chija chikumbutsa chaka cha 1947. Kathumba kake ka chitsulo kalowa zipolopolo 30, ndipo munthu akapanikiza chala osachotsa, zonsezo zituluka asanathe kuwerenga kufikira zisanu. Chipolopolo chake chiboola lata, thabwa ndi mpanda wa bango monga ngati palibe kanthu, nichipitirira kukapeza mwana amene ali kusewera kuseri kwa nyumba yachitatu. Siifuna kusamalidwa kwambiri, ndipo mnyamata aiphunzira tsiku limodzi. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inadzaza malire athu ndi mfuti zimenezi, ndipo umbanda wa mfuti umene unasautsa dziko lino m'zaka zotsatira unachokera kwakukulu kumeneko. Tsono iwo amene anena kuti mtundu wa mfuti ulibe kanthu, kuti woipa ndi mtima wa munthu wokha, alakwa. Mtima woipa wokhala ndi gogodela uika maliro amodzi. Mtima womwewo wokhala ndi mfuti ya nkhondo utha banja lonse madzi a nsima asanawire.

Kusiyanitsa mitundu ya mfuti m'malamulo sikunayambe lero. Mu 1890 maufumu a Azungu anapangana ku Brussels kuti athetse malonda a akapolo, ndipo m'pangano lomwelo analetsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, nalola kuti anthu akuda azigula zakale zolongera kukamwa ndi wonga wamba. Cholinga china chinali chabwino, pakuti mfuti ndizo zinalimbitsa amalonda a akapolo monga Mlozi wa ku Karonga, amene malinga ake anagwa mu 1895. Koma taonani chimene panganolo linakhazikitsa: mfuti yabwino ikhale ya boma, yoipa ikhale ya mwini dziko, ndipo boma lisafunsidwe ndi munthu za m'mene ligwiritsira yake. Maganizo amenewa sanachoke pamodzi ndi Azungu.

Lamulo lathu la mfuti la chaka cha 1967 linalembedwa kuti munthu asakhale ndi mfuti popanda chiphaso, kuti mfuti iriyonse ilembedwe m'buku la boma pamodzi ndi dzina la mwini wake, ndi kuti chiphasocho chiziwonjezedwa nthawi ndi nthawi. Zimenezi ine ndizivomereza ndi mtima wonse, ndipo ndikadakonda kuti zisungidwe molimba koposa. Mu 2001 maiko a SADC anasaina ku Blantyre pangano lothandizana kuletsa mfuti zozembetsedwa m'malire, ndipo nalonso nlabwino. Chimene nditsutsa ndi ichi, kuti pokamba za malamulo a mfuti timalekera pomwepa, monga ngati nkhani yatha pamene mlimi wa ku Ekwendeni walipira chiphaso cha chifefe chake. Werengani maliro akulu a mfuti amene chigawo chino cha kumpoto chalira, muone ngati analiritsa ndi alimi.

Pa 3 March 1959, tsiku limene boma la Atsamunda linalengeza za ngozi m'dziko, asilikali anaombera khamu la anthu pa doko la Nkhata Bay, amene anadza kudzaletsa kuti abale ao omangidwa asatengedwe pa sitima ya Mpasa. Bungwe la Devlin linawerenga akufa 20 pamenepo, ndipo eni ake a ku Nkhata Bay awerenga oposa apo. Mu December 1993, muno mu Mzuzu, anyamata a Malawi Young Pioneers anaombera ndi kupha asilikali awiri, ndipo imfa zimenezo ndizo zinautsa asilikali kukalanda zida za gulu lonselo pa nchito ija inatchedwa Bwezani. Mfuti za a Pioneer sizinali zobisa m'phanga ai. Anawapatsa ndi boma la masiku amenewo.

Tifike tsono pa Zolozolo. Pa 20 July 2011 sindilemba ngati mbiri yakale, pakuti ambiri a inu munaliona tsikulo ndi maso. Mafuta a galimoto anasowa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo mabungwe anaitana anthu kuti ayende m'miseu kukapereka madandaulo ao kwa boma la Bingu wa Mutharika. Usiku wa dzulo lake munthu wina anakatenga chiletso ku bwalo la milandu, kotero kuti m'mawa anthu atasonkhana sanadziwe ngati ulendo ulipo kapena ai, ndipo apolisi nao anaima pakati pa mau awiri. Mkwiyo unakula, masitolo ena anathyoledwa, ndipo mfuti zinalira. M'masiku awiri anafa anthu 20 m'dziko lonse, ndipo Mzuzu, mzinda wochepa pa Blantyre ndi Lilongwe, ndiwo unalira maliro ambiri koposa. Ena a iwo anaikidwa pamodzi ku Zolozolo, ndipo pa 20 July abale ao ndi a mipingo akhala akupitako kukawakumbukira. Bungwe lofufuza limene boma linaika linatulutsa mau ake mu 2012, ndipo linapeza kuti apolisi anagwiritsa mphamvu yopyola muyeso, naombera anthu ndi zipolopolo zenizeni.

Ndidziwa chimene ena a inu muyankha, pakuti ndachimva kawirikawiri, ngakhale kwa akulu a mpingo olemekezeka. Muti: kodi sikunali kuba tsiku lija? Kodi wapolisi sali mwana wa munthu, woopa mwala monga ife tonse? Inde kunali kuba, ndipo mwini sitolo amene anataya chuma chake chonse ali ndi mlandu womveka. Indenso wapolisi mmodzi pakati pa anthu mazana okwiya achita mantha, ndipo sindimuyesa chirombo. Koma chilango cha wakuba thumba la shuga m'malamulo athu ndi ndende, atamva mlandu wake woweruza. Sichiri imfa ya pa mseu. Ndipo pamenepa mpamene mkangano wa mitundu ya mfuti ukhala ndi phindu lake lenileni. Munthu wamantha agwiritsa chimene chiri m'manja mwake. Mukampatsa chishango, ndodo, utsi wokhetsa misozi ndi zipolopolo za mphira, anthu abwerera kwao akutsokomola ndi kutupa. Mukampatsa mfuti ya nkhondo, chipolopolo chake sichisankha wakuba. Chipeza ndi wongodutsa amene anali kupita kumsika. Chotero mlandu waukulu suli pa mnyamata wobvala yunifomu yekha, koma pa iye amene anatsegula nyumba ya zida m'mawa umenewo, nasankha chimene anyamatawo anyamule.

Abale athu ogwira nchito ku Joni adziwa za Marikana, kumene apolisi a South Africa anapha anthu a m'migodi 34 pa 16 August 2012 ndi mfuti za nkhondo. Bungwe la woweruza Farlam, litafufuza nthawi yaitali, linalangiza kuti mfuti zolira mosalekeza zisakhalenso ndi malo pa nchito yoletsa makamu a anthu. Uphungu umenewo utiyenera ifenso monga momwe unawayenera iwo. Ndipo suli watsopano: mu 1990 maiko a United Nations anagwirizana ku Havana kuti wapolisi asaombere kuti aphe pokhapokha palibe njira ina yopulumutsira moyo wa munthu. Moyo, osati katundu.

Pa pepala sitiri osauka. Malamulo akulu a dziko a 1994 ateteza moyo wa munthu aliyense, napatsa anthu ufulu wosonkhana ndi kuonetsa madandaulo ao mwamtendere, opanda zida. Lamulo la apolisi la 2010 linalamula kuti pakhale bungwe loima palokha lomva madandaulo a anthu pa apolisi. Koma bungwelo silinayambe nchito kufikira patapita zaka ngati khumi, kotero kuti amasiye a 2011 analibe khomo limenelo pa nthawi imene analifuna. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo tonse tidziwa kubvuta kwake kwa kufufuza mlandu wa wapolisi pamene wofufuzayo ndi wapolisi mnzake, wodya naye m'mbale imodzi.

Pali ena, makamaka achinyamata owerenga za ku America pa foni, amene atenga nkhani yomweyi naitembenuza, nati: ngati mfuti za boma zipha, tiloleni tonse tikhale nazo, kuti boma litiope. Mau awa ndiwakana kotheratu. Ku United States, kumene mfuti ziri m'nyumba zambiri, afa ndi mfuti anthu oposa 40,000 pa chaka m'zaka zapitazi, ndipo oposa theka la iwo ndiwo odzipha okha. Mfuti ya m'nyumba siidikira mbala yokha. Idikiranso tsiku la ndeu ya pa banja, tsiku la mowa, tsiku la ngongole yolemera, ndi tsiku limene mwana apeza kiyi wa bokosi. Ndipo lingalirani tsiku lija la 2011, mwa anthu zikwi aja mukadakhala makumi asanu okha a mfuti m'malaya: Zolozolo akadachepa. Njira yoyenera anaionetsa a Mozambique, amene anaidziwa AK-47 kuposa ife, kufikira kuijambula pa mbendera yao. Kuyambira 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya kumeneko anaitana anthu kuti abweretse mfuti zobisika, nawapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi malata m'malo mwake, ndipo mfutizo anazidula kuti zisalirenso.

Chimene ndipempha tsono nchaching'ono, ndipo mphunzitsi aliyense wosunga buku la choko ndi mabuku a sukulu achizindikira. Mlimi afunsidwa nambala ya chifefe chake; nayenso mkulu wa apolisi afunsidwe. Pa tsiku la zionetsero lilembedwe dzina la yense wotenga mfuti, nambala ya mfutiyo, ndi zipolopolo zimene wapatsidwa. Madzulo ziwerengedwenso, ndipo chosowa chirichonse chifotokozedwe, chinalowera kuti ndipo analamula ndani. Buku limenelo lisakhale la apolisi okha, koma alione a bungwe lomva madandaulo ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo. Mfuti za nkhondo zitsale m'nyumba ya zida pamene nchito iri yoletsa khamu lopanda mfuti. Phungu wa dera lanu akadza ku msonkhano, ameneyo ndiye woyenera kumfunsa ngati buku lotere lisungidwa pa polisi ya Mzuzu, ndi kuti analiona liti iye mwini.