Gitala la Paul Ngozi, ng'oma za ku Dedza ndi chikhatho cha munthu wogontha

Okonda nyimbo za rock ya ku Zambia akayamba kukambirana za Day of Judgement, chimbale chimene gulu la Ngozi Family lidatulutsa mu 1976, samvana msanga. Ena amati palibe chimbale cholemera ngati chimenechi mwa zonse zimene zidajambulidwa m'chigawo chino cha Africa m'zaka zimenezo, ndipo amachiika pambali pa zimbale za Black Sabbath mopanda mantha. Ena amati ndi phokoso chabe: gitala likung'amba, mawu akusasa, kajambulidwe n'kosalongosoka, ndipo mnyamata aliyense wodziwa kugwira zingwe ziwiri zitatu angathe kuyimba zomwezo. Palinso achinyamata amene dzina la Paul Ngozi adalimva koyamba mu 2024, pamene Tyler, the Creator wa ku America adatapa chidutswa cha "Nizakupanga Ngozi" n'kuchiika m'nyimbo yake ya "Noid". Amenewa mtima wawo uli pa 45,000 Volts, chimbale cha 1977 chomwe muli nyimboyo.

Ine ndili kumbali ya oyamba aja, koma zifukwa zawo sizindikhutitsa. Akamati chimbalechi n'cholemera amaloza kung'amba kwa gitala, ndipo otsutsa akamati n'chaphokoso amalozanso komweko. Onse akuweruza ndi khutu lokha, pamene nyimbo ya mtundu umenewu idapangidwa kuti ifike pachifuwa, m'mimba ndi kuphazi. Anthu amene angatithandize kuiweruza bwino tili nawo konkuno ku Dedza, ndipo ndi magulu awiri amene sitiwafunsa kawirikawiri pa nkhani za rock: oyimba ng'oma za gule, ndi anthu ogontha.

Paul Ngozi, amene dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, adabadwa mu 1949 ndipo adamwalira mu 1989. Anali mwana wa Lusaka, ndipo ankayimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja cha m'tauni, chimene ife a kuno timachimva popanda womasulira. Adatchuka nthawi imene boma la Kenneth Kaunda lidalamula kuti wayilesi izidzaza nyimbo za m'dzikomo, ndipo magulu monga WITCH, Amanaz ndi Musi-O-Tunya adapeza mpata wojambula. Kumbuyo kwake pang'oma kunali Chrissy Zebby Tembo. Chimbale cha Day of Judgement chidasowa kwa zaka zambiri mpaka kampani ya Now-Again Records ya ku America idachitulutsanso mu 2014.

Kuti timvetse chimene chimachitika m'nyimbozi, tiyenera kulekanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza: kukuwa ndi kulemera. Mawu alionse ndi mpweya wonjenjemera. Khutu la mwana wathanzi limatola kunjenjemera kuyambira maulendo 20 mpaka 20,000 pa sekondi. Khungu nalo limatola, koma malire ake ali pafupi: limamva bwino kwambiri cha pa 250, ndipo kukapitirira 1,000 limangokhala ngati palibe chikuchitika. Chingwe chachikulu cha besi chimanjenjemera maulendo 41 pa sekondi, cha gitala 82. Zonsezi khungu limazilandira. Koma kung'amba kuja, kumene oyimba amati fuzz, kumabwera pamene kachipangizo kopondedwa ndi phazi kakudula nsonga za mawu a gitala n'kubala timawu tambirimbiri tapamwamba. Timawu timeneti tambiri mwa ito ndi chakudya cha khutu lokha. Ukagunditsa chikhatho pa chimkuzamawu chachikulu, kung'ambako kumatsala kunja. Chimene chimalowa m'dzanja ndi ng'oma yopondedwa ndi phazi, besi, ndi mafupa a kachidutswa kamene gitala likubwerezabwereza.

Ndiye funso langa pa chimbale chilichonse chodzitcha cholemera ndi lakuti, tikachivula kung'ambako, chitsala chiyani?

Woyimba ng'oma wa kwa Kasumbu kapena kwa Kaphuka funso limeneli si lachilendo kwa iye, ngakhale salifunsa m'mawu amenewa. Kuno kumtunda, kumene tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, chisanu cha mu Juni ndi Julaye chimalefula chikopa. Gule asanatuluke, anyamata amakoleza moto wa udzu n'kuwamba ng'oma, kumaigogoda ndi chala mpaka italira momwe akufunira. Ng'oma ina amaimata phula pakati kuti chikopa chilemere ndipo mawu atsike. Palibe amene amachita zimenezi pofuna kuti ng'oma ikuwe kwambiri. Akufuna kuti iliyonse ikhale ndi malo ake: tete pamwamba, mpanje ukugwira njira osasuntha, gunda pansi penipeni, ndipo mbalule ikhale ndi danga loyankhuliramo. Tony Iommi wa Black Sabbath, amene nsonga za zala zake ziwiri zidaduka pa ngozi ya kufakitale, adamasula zingwe za gitala lake pojambula Master of Reality mu 1971, mawu n'kutsika. Luso lake ndi la mmisiri womata phula n'limodzi. Onse adazindikira kuti thupi la munthu limagonja ku mawu apansi obwera pa nthawi yake.

Chinanso chimene bwalo la gule limaphunzitsa n'chakuti nyimbo imaoneka. Woyimba mbalule maso ake sachoka pa mapazi a gule. Phazi likadula, dzanja limadula, phazi likapalasa fumbi, ng'oma imapalasa nalo. Munthu amene sakumva kanthu koma waima pafupi akhoza kuwerenga kayimbidwe konse pa miyendo ya chilombo, pa mapewa a oyimba ndi pa manja a amayi owomba m'manja, kwinaku gunda ikumufika kudzera m'nthaka. Ngoma ya Angoni a kwa Kachindamoto nayo mphamvu yake ili pa kuponda pansi onse pamodzi, chinthu chimene diso ndi phazi zimalandira khutu lisanafunsidwe. UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo zambiri zimene zalembedwa za iye zimakamba za zigoba ndi matanthauzo ake. Za mgwirizano wa phazi ndi mbalule, umene kwa ine ndiwo mtima wa lusoli, timakamba mochepa kwambiri.

Ukatsika mapiri ndi msewu wa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti n'kukhotera kumpoto, umafika pa Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers adakhazikitsa mu 1902. Alendo ambiri amapitako kukaona Kungoni, malo a zachikhalidwe amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, ndi zigoba za gule za m'nyumba ya Chamare. Pamalo omwewo pali sukulu ya ana ogontha, imodzi mwa zochepa zimene dziko lino lili nazo, pamodzi ndi Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo ndi Embangweni ku Mzimba. Sukulu zotere si malo ophunzirira kuwerenga kokha. Ana ogontha ambiri amabadwa kwa makolo akumva, ndipo mwana amene pamudzi pawo anali yekha amakakumana koyamba ndi anzake kusukulu yogonera. Kumeneko ndiko chinenero chamanja chimapatsirana kuchoka kwa mwana wamkulu kupita kwa wamng'ono, ndiko munthu amapatsidwa dzina lake la m'manja, ndiko nthabwala ndi nthano zawo zimabadwira.

Apa ndiyenera kuchenjeza okonda rock anzanga, chifukwa pali msampha. N'kosavuta kutengeka ndi chithunzi cha mwana wogontha atagwira chimkuzamawu akumwetulira, ife n'kumadzitamandira kuti tamugawirako nyimbo zathu. Kuganiza kotero kumamuyesa munthuyo mlendo wosauka pa phwando lathu. Ogontha si ofanana onse. Ena adabadwa choncho, ena makutu adatsekeka atadwala malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi atayamba kale kuyankhula, ena amamvako mawu apansi. Alipo okonda kuvina, ndipo alipo amene nyimbo alibe nazo ntchito, monganso alipo akumva amene sasamala za zojambulajambula. Luso lawo lalikulu lili m'chinenero chawo. Chinenero chamanja cha ku Malawi si Chichewa chonyamulidwa m'zala. Chili ndi malamulo akeake, ndipo nsidze, masaya, mapewa ndi malo amene dzanja laima zonse zimanyamula tanthauzo. Katswiri wofotokoza nthano m'manja amasintha n'kukhala galimoto, dalaivala ndi mbuzi yodumpha msewu m'kamphindi kamodzi, akufulumira apa, akuima apo, ndipo kufulumira ndi kuima kumeneko ndi kayimbidwe ndithu. Msonkhano wa aphunzitsi ku Milan mu 1880 udagamula kuti ana ogontha aziphunzitsidwa ndi pakamwa pokha, ndipo chigamulo chimenecho chidapondereza zinenero zamanja m'sukulu za maiko ambiri kwa zaka pafupifupi 100. Anthu amene adasunga chinenero chawo m'nyengo yotere sakudikira kuti ife tiwapatse chikhalidwe.

Choncho ndikamati tiwafunse, ndikutanthauza kuwafunsa ngati akatswiri. Evelyn Glennie wa ku Scotland, amene adagontha ali ndi zaka 12, ndi mmodzi mwa oyimba zida zoomba otchuka kwambiri padziko lapansi, ndipo kawirikawiri amayimba wopanda nsapato kuti pansi pazimuuza chimene chikuchitika. Ku Gallaudet, yunivesite ya ogontha ya ku Washington, timu ya mpira wa ku America idagwiritsa ntchito chimng'oma chachikulu kwa zaka zambiri pouza osewera nthawi yoyambira, iwo n'kumachimva m'thupi. Komweko kudachokera Beethoven's Nightmare, gulu la rock la oyimba ogontha. Anthu otere adaphunzitsa khungu lawo kusiyanitsa zinthu zimene ife akumva timazilekerera, chifukwa khutu limatichitira ntchito yonse.

Tikayesa Day of Judgement ndi muyeso umenewu, otsutsa aja ali ndi mfundo imodzi yoona. Kajambulidwe kake n'kowonda pansi. Gitala ndi mawu zili patsogolo, ndipo besi ndi ng'oma sizidapatsidwe thupi limene ziyenera kuti zinali nalo gululi likamayimba pamaso pa anthu. Koma akulakwa pamene akuti kuphweka kwa nyimbozi ndi umphawi wa luso. Ngozi amasankha kachidutswa kakafupi, n'kukabwereza mosatopa, n'kusiya mipata pakati pake, ndipo Tembo sathamangira kudzaza mipatayo. Chimenechi ndicho chimapulumuka ukachotsa kung'amba. Nyimbo yodzaza timanoti tambirimbiri tothamanga, imene akumva amaiwombera m'manja chifukwa cha liwiro la zala, pachikhatho imasanduka phala losalekanitsika. Ya Ngozi imakhalabe ndi mutu ndi miyendo, moti munthu akhoza kuivina osaimva. Mvetserani "Kumanda kwa Bambo Wanga" pa chimkuzamawu chenicheni dzanja lili pa bokosi, muone ngati simuzindikira pamene chidutswa chikuyambira ndi pamene chikuthera. Mpanje umagwira ntchito yomweyo pabwalo, ndipo palibe amene amaunyoza kuti ukubwereza.

Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri mwa otsutsana aja chimbalechi amachimvera pafoni. Kachimkuzamawu ka foni sikatha kutulutsa mawu a chingwe chachikulu cha besi, kamangopereka mthunzi wake wapamwamba. Motero amene akuti ndi phokoso akunena zoona za chimene chawafika, chifukwa chawafika ndi kung'amba kokha. Wina wogontha amene waima pafupi ndi chimkuzamawu chachikulu walandira gawo lenilenilo limene iwo aphonya.

Pali ntchito ina imene ikudikira amisiri kuno kwathu, ndiyo kumasulira nyimbo m'manja. Womasulira timamuona m'kabokosi ka pakona pa nkhani za pa kanema ndi pa misonkhano ikuluikulu, koma pa zoyimbayimba n'kamodzikamodzi. Ndipo kumasulira nyimbo si kutsata mawu limodzi limodzi. Amber Galloway wa ku America adatchuka chifukwa amaonetsa ndi zida zomwe: besi amaiika m'munsi cha m'chiuno, mawu okwera amawakweza m'mwamba, ndipo gitala likalira lokha popanda woyimba, nkhope ndi manja ake sizipuma. Kung'amba kwa gitala la Ngozi, kumene khungu silingakutole, njira yake yofikira kwa wogontha ndi imeneyi, pa nkhope yokwinyika ndi zala zonjenjemera za womasulira waluso. Luso lotere silingakule popanda ogontha eniake kulitsogolera, ndipo bungwe lawo la Malawi National Association of the Deaf ndi khomo limene okonza zoyimbayimba angayambire kugogoda.

Amene amayendetsa zimkuzamawu pa maukwati ndi m'malo achisangalalo pa boma la Dedza ali ndi chizolowezi chokweza mawu apamwamba mpaka makutu kuwawa, poganiza kuti ndiko kulemera. Phokoso la madesibelo 85 limayamba kuwononga khutu munthu akakhalamo maola 8, ndipo pafupi ndi zimkuzamawu za pa dansi limapitirira pamenepo kutali. Brian Johnson wa AC/DC adasiya ulendo woyimba mu 2016 madokotala atamuchenjeza kuti agontheratu. Kutsitsa mawu apamwambawo n'kupatsa malo besi ndi ng'oma kungateteze makutu a akumva, nyimbo n'kufika bwino kwa ogontha. Zina zofunika si zodula: nsanja ya matabwa m'malo mwa simenti kuti kugunda kudutse kumapazi, malo a kutsogolo pafupi ndi zimkuzamawu zapansi, ndi getsi lowunika womasulira ndi manja a woyimba ng'oma, osati nkhope ya woyimba wamkulu yokha.