Za Kuombola Chakhumi

Abale, kuyambira ku Embangweni, kumene Donald Fraser anakhazika mishoni m'chaka cha 1902, kufikira ku boma la Mzimba, tiona chizolowezi chosayenera: chimanga cha Mulungu tichisunga m'nkhokwe zathu, ndipo tiponya tindalama tochepa m'mbale, ndi kunena kuti taombola. Koma Levitiko 27 satero ai. Woombola chakhumi cha m'munda awonjezepo limodzi la magawo asanu. Pa madengu 5 alipire mtengo wa madengu 6. Ng'ombe ya chakhumi siomboledwa konse. Munthu akaisintha ndi yoonda, zonse ziwiri zikhala za Mulungu. Chotero kuombola sikutsitsa mtengo. Ife eni ake tikana ng'ombe yoonda pa malowolo. Nanga Mulungu ailandire bwanji?