Chigamulo cha Fibrosa ndi boti losatha kukhoma

Makhoti a m'Malawi amatsatirabe nzeru za oweruza a ku England pa nkhani za mgwirizano wa malonda. N'chifukwa chake chigamulo cha mlandu wa Fibrosa, chomwe khoti lalikulu la House of Lords linapereka mu 1942, chimakhudzanso eni maboti a ku Makawa ndi ku Msaka.

Mu July 1939, kampani ya ku Poland yotchedwa Fibrosa inaitanitsa makina kwa kampani ya ku Leeds pa mtengo wa mapaundi 4,800, n'kuperekeratu 1,000. Nkhondo itabuka, Germany inalanda doko la Gdynia, kumene makinawo anayenera kufikira, ndipo sanafikeko. Oweruza analamula kuti 1,000 ija ibwezedwe yonse.

Pagona nkhani ndi pa muyeso. Mmodzi mwa oweruzawo, Viscount Simon, sanawerengere phindu limene wogula akanapeza. Anayang'ana chimodzi: kodi chimene munthuyo analipirira chinafika m'manja mwake? Kwa iye, wolipira amalipirira ntchito yochitika, osati lonjezo chabe. Ntchitoyo ikapanda kuoneka ngakhale pang'ono, wolandira alibe chifukwa chokhalira ndi ndalama.

Tiyerekeze msodzi amene waperekeratu ndalama kwa mmisiri kuti amukhomere boti la matabwa, ntchito n'kuima pa vuto losachitira mwina. Mwa muyeso uwu, msodzi atenga zimene anapereka basi. Usipa umene chilimira chake chikanakola sulowamo; imeneyo ndi nkhani ya chipepeso, ndipo imabwera pokhapokha wina ataswa pangano.

Chigamulochi chimavomereza chokha kuti chili ndi polumala. Kampani ya ku Leeds inali itayamba kale ntchito, koma sinapatsidwe kanthu, ndipo oweruza anati kukonza zimenezo n'kwa aphungu. Mu 1943 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo lolola khoti kusiyira wogulitsa gawo la zimene anawononga. Mmisiri amene wagula kale matabwa, misomali ndi phula angamve ululu womwewo.

Palinso china chimene chigamulochi sichinakhudze: mphamvu ya ndalama. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Wobwezeredwa ndalama zomwezo pambuyo pake sakanagulanso matabwa omwewo.

Choncho polemba kalata ya pangano pamaso pa mboni, kungoti ndalama zidzabwezedwa sikukwanira. Lembani zimene mmisiri adzachotsepo, tsiku lobwezera, komanso mwini matabwa ogulidwa kale.