Ndemanga: Hrishikesh Mukherjee m'maso mwa Jai Arjun Singh

Kwa ife a m'minda ya tiyi ku Honde ndi ku Chipinge, filimu yachimwenye ndi ya magule, misozi ndi mkwatibwi wobedwa. Buku la Jai Arjun Singh, The World of Hrishikesh Mukherjee, lomwe a Penguin anasindikiza mu 2015, likutionetsa mafilimu amtundu wina: a mabanja wamba, odandaula za lendi ndi bwana wa kuntchito.

Mukherjee anabadwira ku Calcutta mu 1922. Luso lodula ndi kulumikiza zithunzi za filimu analiphunzira ku kampani ya mafilimu ya New Theatres, ndipo mu 1951 anatsagana ndi mtsogoleri wa mafilimu Bimal Roy ku Bombay, komwe anali mkonzi wa zithunzi za filimu ya Do Bigha Zamin ya 1953. Filimu yoyamba kuitsogolera yekha inali Musafir, mu 1957. Pomwalira mu 2006 n'kuti atatsogolera mafilimu oposa 40.

Singh sakulondola mbiriyi chaka ndi chaka. Akutola mitu, monga nyumba, udindo wa amayi ndi kudzibisa, n'kumaifufuza m'mafilimu osiyanasiyana. Pamene pandigwira mtima ndi pa kudzibisapo. Mu Gol Maal ya 1979, mnyamata wapeza ntchito kwa bwana amene amati mwamuna wopanda ndevu zapamlomo ndi wachabechabe. Bwanayo atamuona ku masewero nthawi ya ntchito, mnyamata akunama kuti amene munamuonayo ndi mphwanga, tinabadwa mapasa. Kuti azioneka ngati anthu awiri, akumeta ndevu, n'kumamata zabodza m'mawa uliwonse. Timaseka, koma Singh akutithandiza kuona kuti munthu wosauka amavala nkhope ziwiri kuti banja lidye. Aliyense amene anaimapo pamzere wa sikelo, dengu la tiyi kumsana, akumwetulira kapitawo, amvetsa msanga. Chilembedwe cha Singh n'chofewa, chanthabwala, ndipo sakubisa kuti mafilimu ena a Mukherjee anali ofooka.

Komabe pali pena pamene ndatsala ndi njala. Ndinayembekezera kumva zambiri za mmene dzanja la mkonzi linaumbira mtsogoleri wa filimu: chithunzi amachidula pati, ndipo chifukwa chiyani? Nkhaniyi ikungotulukira apo ndi apo, pamene inayenera mutu wakewake. Chinanso, mlembi akulankhula ngati kuti tonse tinaonera Anand, Guddi ndi Bawarchi. Mayina a ochita zisudzo akungogwa motsatizana, moti mlendo atha kusochera pakati pa tsamba. Penanso akubwereza mfundo imene anaikhazikitsa kale.

Izi sizikuchotsa ulemu wa bukuli. Ndi labwino kwa achinyamata amene akujambula timafilimu pa foni, chifukwa likuonetsa kuti chipinda chimodzi ndi anthu anayi n'zokwanira kunyamula nkhani. Koma musanalitsegule, yambani mwaonera Gol Maal ndi Anand.