Za Zithunzi Zosema za Ana a Sukulu ku Zomba

Masiku apitawa tinali ku Zomba, ndipo pa sukulu ina ya sekondale ya patsinde pa phiri tinaona nchito imene tifuna kuiweruza pamaso pa owerenga athu. Mphunzitsi wa pamenepo aphunzitsa anyamata ndi asungwana kusema zithunzi ndi kuzisindikiza. Macitidwe ace ndi awa: mwana atenga kathabwa kosalala, kapena cidutswa ca lino, ndico coyala colimba ca pansi m'nyumba, alembapo cithunzi, nasema ndi kampeni ponse pamene afuna kuti payere. Atatero apaka inki potsalapo, nasanjika pepala, nalitikita ndi msana wa supuni. Thabwa limodzi libala mapepala ambiri. Zilembo ziyenera kusemedwa cobwerera m'mbuyo, pakuti ca kumanja cituruka kumanzere; ana ambiri anagwa pamenepa, ndipo tinaseka nao.

Mphunzitsiyo anawauza kuti aseme mabvuto a dziko lao. Ici ticiyamika, pakuti ife a msinkhu uno tikumbukira masiku ena. Lamulo la caka ca 1968 linapatsa Boma mphamvu yakuletsa mabuku ndi zithunzi. Ndipo mu 1987 Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College ndi mlakatuli, anagwidwa m'Zomba momwemo, nakhala m'ndende ya Mikuyu kufikira 1991. Tikumbukiranso tsiku la 14 June 1993, pamene ngakhale nkhalamba zosadziwa kuwerenga zinasankha pakati pa zithunzi ziwiri, nyali ndi tambala wakuda, ndipo nyali inapambana. Munthu wakuona zimenezo sangayese cithunzi cinthu ca masewera.

Koma zithunzi zambiri za anawo sizinatikondweretse. Uyu anasema nkhonya yotukulidwa, uyo maunyolo oduka, winanso munthu wa mimba yaikuru wonyamula thumba la ndalama, ndi mau akuti katangale pansi pace. Tinafunsa mnyamata wina kumene anaona nkhonya yotere, nati, M'foni. Zithunzi izi zipfuula, koma sizitiuza kanthu kamene sitinakadziwe. Zifanana ndi zitenje za nkhope za atsogoleri zimene amai abvala pa misonkhano: izo zitamanda, izi zinyoza, koma m'zonse ziwiri wozipanga sanayambe wapenya ndi maso ace.

Cinalipo cimodzi cimene tinaima paco nthawi yaitali. Msungwana wina anasema mkazi wotsika phiri ndi mtolo wa nkhuni wotalika koposa iye mwini, monga tiwaona m'mawa pa mseu wocokera ku Ku Chawe. Kumbuyo kwace kuli zitsa zakuda za mitengo ya paini, ndipo thambo lonse analipala kuti liyere mbee, kotero kuti wopenya amva kutentha kwa dzuwa popanda mthunzi. Palibe cilembo nʼcimodzi comwe. Zolakwa zilipo: manja ali ngati makasu, ndi mapazi acepa. Koma khosi lopindikalo analisema munthu wakulidziwa, ndipo tinamva pambuyo pace kuti mkaziyo ndiye amace. Cithunzico sicimtsutsa mkaziyo, ndiponso sicimlungamitsa. Ife amene tigula nkhunizo kuphikira nsima, ndi kumwa madzi a Mulunguzi ocokera m'phiri lomwelo, tinacokapo tilibe mau.

Njira imeneyi siyacilendo pa mishoni. Ku Rorke's Drift, m'dziko la Natal, mpingo wa Lutheran unali ndi sukulu ya luso m'zaka za m'ma 1960, nthawi ya tsankho. Kumeneko Azaria Mbatha anasema pa lino nkhani za m'Buku Lopatulika ndi anthu obvala Cizulu, ndipo John Muafangejo wa ku Namibia anasema za kwao, ng'ombe, mpingo ndi nkhondo, nalemba mau ace m'kati mwa cithunzi. Dzina lao linamveka kutsidya kwa nyanja cifukwa anasema zimene anazidziwa.

Cifukwa cace tipempha mphunzitsiyo, ndi ena ofuna kumtsata, kuti asafulumire kupatsa mwana mpeni. Ayambe amtuma ku msika wa Zomba, kucigayo, kapena pamzere wa kucipatala, ali ndi pensulo yokha, akhale pamenepo kufikira ataona kanthu. Ndipo awacenjeze pa nkhope za anthu odziwika. Pakuti bodza la pakamwa liiwalika, koma la pathabwa lisindikizika kambiri, ndipo mapepala atabalalika palibe wakuwasonkhanitsanso. Za kukwera mtengo kwa lino asade nkhawa: msungwana uja anasema cace pa mphira ya patapata wakutha, ndipo pamene tinampempha pepala limodzi, anatisindikizira pomwepo ndi supuni ya m'khichini ya sukulu.