Mlembi wa aphunzitsi ku Chitipa

Ndimawapatsa ulemu anthu amene amayendetsa nthambi ya Teachers Union of Malawi ku Chitipa. Ntchito yawo simveka pa wailesi ngati sitalaka. Imaoneka m'kope lothimbirira ndi fumbi, momwe mlembi walembamo dzina la mphunzitsi wa ku Nthalire amene akudikirabe ndalama zake zotsalira, ndi la wina wa ku Misuku amene wakalambira pa giredi imodzi.

Boma lino lili ndi zilankhulo zambiri. Mphunzitsi wina adandaula m'Chilambya, wina m'Chindali, wina m'Chisukwa. Mlembi amawamvetsera onse modekha, kenako n'kulemba kalata imodzi yomveka bwino yopita ku ofesi ya zamaphunziro. Luso lake lalikulu ndi kudziwa nkhani yoti ithere pokambirana, ndi ina yoti ikafike kukhoti la Industrial Relations ku Mzuzu. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limateteza ufulu wake woyankhulira anzake, koma matope a dzinja amawaponda yekha, nthawi zina atalipira kabaza ndi ndalama za m'thumba mwake.

Aphunzitsi anzanga, mlembi akaitanitsa msonkhano tiyeni tizipita, ndipo tisamaiwale kumuthokoza.