Chigoba Chopanda Segbura

M'chaka cha 2013, British Museum ku London inaonetsa chigoba cha sowei cha Amende a ku Sierra Leone. Chigoba chakuda bii chimenechi, chomwe amavala ndi amayi a bungwe la Sande, chimatamandidwa chifukwa cha mphumi yotakata ndi makwinya a m'khosi. Komatu kuchiweruza chili phee m'galasi n'kuchilakwira. Eni ake amati ndoli jowei, kutanthauza sowei wovina. Dzinali likuloza gule, osati mtengo wosemedwa. Wovinayo salankhula. Zomulankhulira ndi segbura, maseche a chipanda chokutidwa ndi ukonde wa mikanda, pamodzi ndi ng'oma ya sangbai ndi nyimbo za amayi. Kuchotsa zimenezi n'kuzula mneni m'chiganizo: dzina limatsala, uthenga n'kufa.